Kodi ku Joni N'kutali Bwanji?

Kwathu ku Machinjiri ndege sitichita kukaionera ku bwalo. Ukaima pakhonde la nyumba yathu n'kuyang'ana chakumadzulo, kupitirira Chirimba, umaiona ikutsika pang'onopang'ono kulunjika ku Chileka, dzuwa likunyezimira pamapiko. Tili ang'onoang'ono tinkasiya mpira wachikulunga pabwalo, kapena ndowa pamzere wa madzi, n'kumaithamangira manja ali m'mwamba ngati okweramo akutiona. Masewerawo anatha mu Januwale 2018. Mwezi umenewo ababa ananyamuka kupita ku Joni kukasaka maganyu, ndipo mnyamata wina woyandikana nafe anatiuza kuti imodzi mwa ndege zimenezo imachokera komweko. Kuyambira pamenepo sitinathamangenso. Tinkangoima n'kuiperekeza ndi maso mpaka italowa kuseri kwa mitengo.

Tinabadwa atatu, ndipo zimene tikusimba pano tinaziona limodzi. Ngakhale manyazi ake tinagawana. Chatikumbutsa n'chinthu chaching'ono. Wamkulu wa ife ali pano pa koleji kuphunzira zauphunzitsi. Semesita yathayi, m'phunziro la kaphunzitsidwe ka masamu, aphunzitsi anati aliyense akonze phunziro la mtunda, liwiro ndi nthawi, ndipo chitsanzo chake chichokere m'moyo umene ana a ku Malawi amaudziwa. Anzathu anasankha kabaza, minibasi ya ku Lunzu, ena sitima ya Ilala. Ife titakambirana pa foni tinasankha funso limene chitsirizira wathu ankavutitsa nalo amayi mlungu ndi mlungu: kodi ku Joni n'kutali bwanji?

Yankho loyamba n'losavuta. Mukatambasula ulusi pa mapu, kuchokera pa bwalo la ndege la Chileka kukafika pa bwalo la OR Tambo ku Johannesburg, osakhota paliponse, mupeza makilomita pafupifupi 1,350. Ndege ya jeti ikakhazikika m'mwamba imathamanga makilomita 800 kapena kuposerapo pa ola. Mukagawa 1,350 ndi 800, yankho ndi ola limodzi ndi mphindi 40. Koma pa tikiti amalemba maola awiri ndi mphindi zingapo. Chifukwa chake n'chakuti ndege siyamba ndi liwiro limenelo. Imayamba yayenda pansi kupita kumene imathamangira ponyamuka, kenako imakwera pang'onopang'ono, ndipo ikayandikira kofika imachepetsa liwiro. Nthawi zina imazungulira kudikira mpata, pakuti OR Tambo ndi limodzi mwa mabwalo otanganidwa kwambiri mu Africa muno. Mphepo ya kumwamba nayo imatha kuikankha kapena kuibweza ndi mphindi zingapo.

Wotchi simusintha, chifukwa nthawi ya ku Malawi ndi ya ku South Africa ndi imodzi. Mukanyamuka 1 koloko masana, ikamakwana hafu pasiti 3 mumakhala mwatsika kale. Ife amene timakwera minibasi kuchokera ku Blantyre kupita ku Ntcheu timadziwa kuti maola awiri akamatha timakhala tikadali panjira, kondakitala akuitanirabe anthu pa siteji. Amayi atamva nambalayi anaiyeza ndi muyeso wawo. Anati maola awiri ndi nthawi yophika nyemba zouma pa mbaula. Munthu angathe kukwera ndege ku Joni iwo akuteleka mphika, n'kutsika pa Chileka nyemba zisanathiridwe tomato.

Yankho lachiwiri n'la pamsewu, ndipo ndilo limene anthu ambiri a ku Ndirande, Bangwe, Chilomoni, Zingwangwa ndi kwathu kuno amalidziwa ndi msana wawo. Basi ikanyamuka mu Blantyre imadutsa pa Zalewa kukafika pa chipata cha Mwanza. Ikatuluka pamenepo imaimanso pa Zobue polowa mu Mozambique, n'kutsetsereka mpaka kuwoloka Zambezi pa Tete. Kenako ndi Cuchamano ndi Nyamapanda, zipata ziwiri zoyang'anizana pamalire a Mozambique ndi Zimbabwe. Ikatero ndi Harare, Masvingo, mpaka Beitbridge, pamene pali ofesi ya Zimbabwe tsidya lino la Limpopo ndi ya South Africa tsidya linalo. Kuchoka apo ndi Musina, Polokwane, Pretoria, n'kukathera mu Johannesburg. Onse pamodzi ndi makilomita oposa 1,700.

Basi itamayenda osaima pa liwiro la makilomita 80 pa ola, ulendowu ungatenge maola 21 kapena 22. Koma palibe amene anafikako ndi nthawi imeneyo. Pasipoti imadindidwa kasanu ndi kamodzi, ndipo pa chipata chilichonse anthu amatsika, kuima pamzere, nthawi zina kutsitsa katundu yense wa m'ngolo kuti aunikidwe n'kumukwezanso. Munthu mmodzi akakhala ndi vuto la mapepala, basi yonse imadikira. N'chifukwa chake wopita ku Joni amatenga bulangete ndi kamba wa masiku awiri, ndipo akafika pasanathe maola 30 amati Mulungu wamuyendera.

Chodabwitsa m'banja mwathu n'chakuti munthu yekhayo amene anakwerapo ndege ndi agogo aamuna, bambo awo a ababa, amene sanapite patali ndi sukulu. Pa unyamata wawo analembedwa ntchito ya m'migodi ndi Wenela, bungwe lomwe lija linasiya dzina lake pa depoti ya mabasi mu Blantyre. Ankatisimbira kuti atawapima m'chifuwa ndi kuwayeza pa sikelo, anawatengera ku Chileka n'kuwakweza ndege ya injini zinayi mpaka ku Francistown, m'dziko la Botswana, ndipo kuchokera kumeneko anakwera sitima ya pamtunda kukafika ku Joni. Ankaseka akamakumbukira mmene amuna akuluakulu anagwirirana manja ndegeyo itayamba kunjenjemera. Masiku amenewo Chileka ndilo linali khomo la dziko lino, pakuti bwalo la Kamuzu ku Lilongwe linatsegulidwa mu 1983. Ndi pa Chileka pomwepo pamene Dr Hastings Kamuzu Banda anatsikira pa 6 Julayi 1958, atakhala kunja zaka pafupifupi 40.

Agogo akafika pa chaka cha 1974 kuseka kunkatha. Pa 4 Epulo chaka chimenecho ndege ya Wenela ya mtundu wa DC-4 inagwa itangonyamuka ku Francistown, itanyamula anthu obwerera kumudzi atamaliza kontirakiti. Anafa anthu 78, ambiri mwa iwo Amalawi. Zinadziwika kuti mafuta a ndegeyo anali atasakanikirana ndi mafuta a mtundu wina. Boma la Kamuzu linaletsa Wenela kulemba anthu ntchito m'dziko muno, ndipo m'zaka ziwiri zotsatira Amalawi oposa 100,000 anabwerera kwawo. Agogo anali mmodzi wa iwo. Ankati m'migodi munali moto, malipiro anali ochepa, azungu ankawaitana ndi nambala. Koma tsiku lobwerera kwawo linali lolembedwa papepala. Mawu amenewa tinawamvetsa mochedwa.

Ababa sanapite ndi kontirakiti ya aliyense. Anakwera basi pa Wenela ndi chikwama chimodzi, n'kukafikira kwa mnzawo ku Tembisa. Ntchito anaipeza yosamalira maluwa ndi kapinga m'nyumba za ku Kempton Park, pafupi penipeni ndi bwalo la OR Tambo. Pa foni tinkamva ndege zikubangula kumbuyo kwa mawu awo, ndipo ankaima kaye kuyankhula mpaka idutse. Tonse tinkakhala m'munsi mwa njira ya ndege, iwo uko ife kuno. Mwezi ukatha amayi ankalandira uthenga wa ndalama pa foni, ndipo ndalama zimenezo ndizo zinalipira lendi, mankhwala a agogo, ndi fizi ya sekondale ya mpingo ya awiri a ife.

Lachisanu lililonse tinkawaimbira potsegula Sabata. Apa m'pamene tinaphunzira kuti wotchi ingathe kugwirizana dzuwa osagwirizana. Johannesburg ali kumadzulo kwa Blantyre ndi madigiri 7, ndiponso ali kum'mwera kwambiri. Mu Juni dzuwa limalowa pafupifupi nthawi imodzi, kusiyana ndi mphindi zosakwana 10. Koma mu Disembala kuno limalowa cha m'ma 6:10, pamene uko limafika pafupifupi 7 koloko. Ife tikakhala titasamba, titakhala pamkeka ndi mabuku a nyimbo, ababa ankati, "Yambani ana inu, kuno dzuwa likadalipo, ndikumalizitsa kuthirira." Amayi ankati Sabata limayamba lafika kwathu, kenako n'kuyenda kukawapeza. Limatenga mphindi 50 zokha, kuposa ndege.

Nanga n'chifukwa chiyani munthu wokhala pamtunda wa maola awiri sanabwere ngakhale Khirisimasi imodzi? Ife tinkaganiza kuti ndi ndalama basi. Titakula amayi anatiuza zoona. Mmalawi wokhala ndi pasipoti amaloledwa kulowa mu South Africa popanda viza kwa masiku 30, ngati mlendo, osati kukagwira ntchito. Malamulo amene anayamba kugwira ntchito mu 2014 amati amene wapitirira masiku ake, potuluka amalembedwa kuti ndi wosafunika m'dzikolo, ndipo ngati wapitirira ndi masiku oposa 30, saloledwa kulowanso kwa zaka zisanu. Masiku a ababa anatha mu Febuluwale 2018. Kuyambira pamenepo ankayenda akuyang'ana kumbuyo, kuopa kugwidwa n'kutumizidwa ku Lindela, kumene amasungira anthu oyembekezera kubwezedwa kwawo. Khomo lotulukira linali lotsegula tsiku lililonse. Lobwererera ndilo likanatsekeka kumbuyo kwawo. Umu ndi mmene munthu amasandukira mtchona asakufuna.

Mu Disembala 2023 agogo anadwala masiku anayi okha. Anatisiya Lachinayi usiku ku chipatala, amayi ali pambali pawo. Unali mwezi umodzi chigwetsere kwacha ndi 44 peresenti, ndipo chilichonse, kuyambira bokosi mpaka thumba la ufa, chinali chitakwera mtengo. Wamkulu wa ife anali atakhoza mayeso a MSCE, kalata yomuitana ku koleji ili mu sutikesi, akuyembekezera kuyamba mu Januwale. Amayi anaimba foni pakati pa usiku, ife titazungulira. Ababa anakhala chete nthawi yaitali, ndipo tinamva ndege ikudutsa kumeneko. Kenako anati, "Ndikubwera."

"Mwaganiza bwino?" anafunsa amayi. "Mukudziwa zimene akakuchiteni pa chipata."

"Ndikudziwa. Anzanga akuti pali njira zina zodutsira mwakachetechete, koma ine ndabisala mokwanira. Sindingapite kukaika bambo anga ngati mbala."

Za ndege anafunsa m'mawa mwake. Tikiti ya tsiku lomwelo inali yoposa zonse zimene anasunga, ndipo akanaigula sakanatsala ndi ya bokosi. Anagula ya basi yonyamuka Lachisanu 10 koloko m'mawa.

Apa m'pamene pali manyazi athu, ndipo tasankha kusawabisa. Anthu ali m'nyumba akulira, ife awiri akuluakulu tinapita kuseri kwa bafa n'kuyamba kuwerengera. Ababa akabwera, ntchito yatha. Ntchito ikatha, fizi ichokera kuti? Tinagwirizana kuti tiwauze amayi awaletse. Tinakonza ndi mawu abwino omwe: kuti agogo apita kale, kuti akufa sadziwa kanthu monga timaphunzirira m'Malemba, kuti ndi bwino ndalama ya basi iwonjezere pa maliro. Chiphunzitso choona tinachisandutsa chophimbira mantha athu. Amayi anatimvetsera mpaka titamaliza. Kenako anafunsa motsitsa mawu, "Ndiye ine ndikadzatsikira kulichete, inu mudzangotumiza ndalama?" Palibe anayankha. Anamanga bwino chitenje n'kubwerera pa siwa.

Vuto lina linabuka Lachisanu m'mawa. Agogo ankayenera kukaikidwa kwawo ku Chiradzulu, ndipo eni mbumba, amene si a mpingo wathu, anafika atapangana kale kuti mwambo ukhale Loweruka. Zifukwa zawo zinali zomveka. Inali nyengo yopalira, anthu sakanasiya minda masiku atatu. Tsiku lililonse lowonjezera ndi ufa, ndiwo ndi nkhuni. Amalume awo a ababa anati kwa amayi, "Alamu, munthu ali ku Joni sitimudikira. Akadzafika adzaona mtumbira." Mkulu wa mpingo wathu anapempha kuyankhulapo. Sanatsutsane nawo. Anangokumbutsa kuti malemuwo anasunga Sabata zaka zambiri ndipo sakanakonda kuti adzukulu akumbe manda tsiku limenelo chifukwa cha iwo. Anati thupi likhale ku nyumba yachisoni mpaka Lamulungu m'mawa, ndipo za chakudya cha tsiku lowonjezeralo mpingo uona. Dzuwa lisanapendeke amayi a Dorika anali atafika ndi mabeseni a ufa pamutu, achinyamata atabweretsa nkhuni. Eni mbumba anavomera.

Madzulo amenewo tinatsegula Sabata pa siwa. Tinawaimbira ababa monga mwa masiku onse. Anali atadutsa Polokwane, akuyandikira Musina, ndipo anati dzuwa likadali pamwamba pa mitengo ya malambe. Pa Beitbridge anafika usiku. Ataima pamzere maola angapo anapereka pasipoti, wa pawindo anaiyang'ana, anawayang'ana, n'kuwapatsa chipepala cha zaka zisanu. Anatiuza pambuyo pake kuti manja awo ananjenjemera, koma atawoloka mlatho wa Limpopo anagona tulo timene anali asanagonepo chichokereni kwathu. Sabata lonse analithera pampando wa basi. Masana anali mu Harare, madzulo pa Nyamapanda, Zambezi anawoloka kuli mdima. Basi inagona pa Zobue mpaka m'mawa.

Si onse anakondwa nazo. Loweruka masana tinamva anthu awiri akunong'onezana kuseri kwa tenti kuti munthu wobatizidwa sayenda ulendo pa Sabata, akanadikira dzuwa lilowe. Zinatiwawa, komanso zinatisautsa, chifukwa ifenso tinaleredwa kuti tsikuli si loyendera maulendo athu. Buku la Machitidwe limatchula muyeso wa mtunda umene Ayuda a nthawi imeneyo ankayenda pa Sabata, pafupifupi kilomita imodzi. Ababa anayenda makilomita mazanamazana. Tinakafunsa mkulu wa mpingo uja. Iye anatifunsa ngati tikukumbukira zimene Yesu anayankha za chiweto chogwera m'dzenje tsiku la Sabata, ndiponso kuti lamulo la kulemekeza makolo lili pati poyerekeza ndi la Sabata. Tinati n'zotsatizana, lachinayi ndi lachisanu. Anati, "Ndiye musazikanganitse." Sitikunena kuti ulendo uliwonse wa pa Sabata ndi wabwino. Tikungonena chimene tinaona: Sabata limene ena ankati ababa aliswa ndi lomwelo linawadikirira. Popanda ilo akanapezadi mtumbira.

Lamulungu m'mawa, pa Mwanza, katundu wa m'basi atayamba kutsitsidwa, ababa sanadikire. Anatenga kachikwama kawo n'kukwera minibasi. Anadutsa pa Zalewa, pa Lunzu, ndi pa raundabauti ya Kameza, pamene msewu wopita ku bwalo la Chileka umapatukira. Mu Limbe anasintha galimoto, ndipo cha m'ma 12 koloko masana anatsika pa njinga yamoto kumudzi, abusa atangoyamba kulalikira. Anali atawonda, imvi zitatuluka, miyendo itatupa. Bokosi analitsegulanso chifukwa cha iwo. Anagwada n'kuyang'ana nkhope ya bambo awo nthawi yaitali, ndipo sitinamve zimene ananena. Chitsirizira wathu, amene anamusiya ali ndi zaka zitatu, ankadziwa nkhope yawo ya pa foni yokha. Anakoka chitenje cha amayi n'kufunsa, "Kodi ababa ndi aafupi chonchi?"

Tsopano tibwerere ku masamu athu. Ndege imayenda makilomita 1,350 pa maola awiri ndi mphindi 15, kutanthauza makilomita 600 pa ola tikaphatikiza kukwera ndi kutsika. Ababa anayenda makilomita oposa 1,700 pa maola 50, kuchokera Lachisanu 10 koloko mpaka Lamulungu 12 koloko. Amenewo ndi makilomita 34 pa ola, liwiro la kabaza wa njinga yamoto. Koma pali kuwerengera kwachitatu kumene tinakuchita usiku wina pa foni, tikuseka koma misozi ili pafupi. Kuchokera tsiku limene anachoka mpaka tsiku limene anabwera panadutsa zaka pafupifupi zisanu ndi chimodzi, masiku oposa 2,100. Mukagawa makilomita 1,350 ndi masiku amenewo, mupeza mamita 600 ndi pang'ono pa tsiku. N'kuchokera pakhomo pathu kukafika pa siteji. Gogo wa ndodo akanawapitirira.

Mtunda sunasinthe m'mayankho atatuwa. Mapu ndi omwewo. Chimene chinasintha ndi woyendayo, zimene zili m'thumba mwake, ndi zimene zadindidwa m'pasipoti yake. Kwa wa bizinesi wokagula katundu, ku Joni ndi nthawi yophika nyemba. Kwa mayi wokaoda mabulangete ndi basi, ndi masiku awiri. Kwa munthu amene masiku ake anatha, ndi zaka, ndipo ena amabwera ali m'bokosi, m'ngolo yokokedwa ndi galimoto, abale atasonkherana ndalama pa WhatsApp. Agogo amene ankaitanidwa ndi nambala anali ndi tsiku lobwerera. Mwana wawo, woyenda ndi pasipoti ya dziko lodzilamulira, analibe.

Tinganame tikanena kuti zonse zinatha bwino. Walira mvula walira matope. Zimene tinkaopa kuseri kwa bafa zinachitikadi. Wamkulu wa ife sanayambe koleji mu Januwale. Anadikira miyezi ingapo akugulitsa mabuku a mpingo khomo ndi khomo, ndipo mpaka lero tchuthi chilichonse ndi ntchito yomweyo. Wachiwiri anachoka ku sukulu yogonera komweko n'kumalizira Fomu 4 pa sekondale yoyendera, ndipo zinamutengera nthawi kuti ayambe kuyankhula ndi ababa momasuka. Tinasamukira m'nyumba yaing'ono, ku Machinjiri komweko. Ababa amafesa mbande za maluwa ndi mitengo m'machubu n'kumagulitsa m'mbali mwa msewu, luso limene anabwera nalo ku Kempton Park. Miyezi ina zimayenda, ina ayi. Chiletso chawo chidzatha mu Disembala 2028. Ngati adzapitenso, sanena, ndipo ife sitifunsa.

Komabe pali zimene ndalama za pa foni sizinkabweretsa. Chitsirizira wathu akalephera samu ali ndi womufunsa. Amayi akadwala pali wopita nawo ku chipatala. Tsiku lina tinalimba mtima n'kuwaulula ababa zimene tinapangana pa maliro paja. Tinkayembekezera kuti akwiya. Iwo anati, "Mukuganiza kuti ine sindinawerengere? Ndinawerengera kuchokera ku Tembisa mpaka pa Beitbridge. Masamu anu anali olondola." Kenako anapitiriza kuthira dothi m'machubu.

Tsiku lopereka phunziro lija m'kalasi, tinajambula pa bolodi madontho awiri ndi mizere iwiri, wowongoka ndi wokhotakhota. Tisanayambe kugawa manambala tinapempha kuti amene ali ndi kholo, mchimwene kapena mchemwali kunja kwa dziko akweze dzanja. Manja anakwera ambiri kuposa mmene tinkaganizira, ena mwamanyazi. Wina anati mayi ake ali ku Cape Town, wina mchemwali wake ku Oman, wina mchimwene wake ku minda ya ku Israel. Tinakhala limodzi chaka chathunthu, tikudyera m'holo imodzi, tikuimba m'kwaya imodzi, osadziwana pa chinthu chimenechi. Ola lonse linathera pa kuyeza mitunda imeneyo pa mapu, ndipo palibe anasinza.

Anzathu amene tikukonzekera kukagwira choko, m'kalasi iliyonse imene tikalowe mudzakhala ana owerengera mtunda umenewu mumtima. Ena adzachedwa kulipira chifukwa uthenga wa pa foni sunafike. Ena adzasintha khalidwe mwezi umene bambo awo asiya kuimba. Tisanalembe dzina la mwana pa mndandanda wa ovuta, tiyambe tafunsa amene amagona naye m'nyumba. Ndipo ife a mumpingo, mayina a abale amene ali kunja akadali m'mabuku athu. Tisamawakumbukire pokhapokha tikamasonkhetsa za chitukuko cha tchalitchi. Foni ya Lachisanu madzulo sidula kwambiri, ndipo mabeseni a ufa aja a amayi a Dorika anagula tsiku limodzi limene ndalama za ku Joni sizikanagula.

Tchuthi chathachi, Lachisanu lina masana, tinali pakhomo tikukonzekera Sabata. Wina ankasita, wina ankapukuta nsapato, amayi anali pa mbaula. Ndege inatulukira chakum'mwera n'kuyamba kutsika kulunjika ku Chileka. Ababa, amene anakhala m'munsi mwa ndege zaka zisanu ndi chimodzi koma sanalowemo n'kamodzi komwe, anaimika khasu n'kuiyang'ana. Chitsirizira wathu anafunsa ngati ndi ya ku Joni. "Mwina ndi yomweyo," anatero ababa. "Ngati ndi iyo, yanyamuka amayi ako akuteleka nyemba." Amayi anavundukula mphika, anatapa imodzi ndi chipande, anaifinya ndi zala, n'kunena kuti zikadali zolimba.